Magololo: Otchinjiriza Kapena Olanda?

Ana a sukulu amakonda nkhani ya Alfred, mfumu ya Wessex ku Mangalande, amene m'chaka cha 878 anabisala m'madambo a Athelney pothawa ankhondo a Viking, nawagonjetsa pambuyo pake ku Edington, namanga malinga m'dziko lake. Koma ndikamaphunzitsa ndimawakumbutsa kuti wolemba mbiri yake, Asser, anali wa m'nyumba ya mfumuyo. Ndipo munthu sanenera zoipa mwini nsima imene alikudya.

Muyeso womwewo, abale anga, tiyese nawo mbiri ya Magololo, monga imakambidwa kuno kwathu. Amati anthu aja amene anadza ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi, natsalira kwa Chibisa iye atachoka mu 1864, ndiwo anapulumutsa Amang'anja. Mauwa sali onama onse ai. Njala ya 1862 ndi 1863 inali itapululutsa chigwa cha Shire, ndipo Matekenya analikugwira akapolo kunsi kwa mtsinje. Tsono othawa anapeza pobisala m'midzi ya alendo amfutiwo. Kasisi analondera madoko kuti Angoni asaoloke. Anthu a Mlauri anagwa ndi mfuti za Serpa Pinto pa Mpasa mu 1889. Izi nzoona, ndipo wozikana achita chipongwe kwa akufa.

Chimene ndikana ine ndicho kulekezera pomwepo. Alfred anatchinjiriza dziko la atate wake. Magololo anatchinjiriza dziko limene anayamba alilanda. Henry Rowley, mmishoni amene anakhala nao pafupi kwa Chibisa, anasimba m'buku lake la 1866 za kufunkha kwao pakati pa Amang'anja. Iyenso timuyese, pakuti amishoni ndi Magololo sanali kumvana masiku amenewo. Komabe anaona ndi maso, ndipo umboni wake ubvomerezana ndi chimene tidziwa tonse, kuti ufumu wa Lundu unathyoka m'manja mwao. Okamba mbiri yotamanda aja amalumpha apa msanga, monga munthu alumpha khwawa la minga.

Tsiku lina nditatha kufotokoza zonsezi, mnyamata wina anaimirira nafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga kwathu kuno ma Viking anali ayani?" Ndinayang'ana m'kalasimo: mbali ina adzukulu a Magololo, mbali ina adzukulu a Amang'anja, pa benchi limodzi. Ndinawatuma onse kukafunsa agogo ao, ndipo mayankho amene anabwera nao m'mawa mwake sanafanane.