Mwana wa Mbusa ndi Anyamata a kwa Singano

Makanema osimba mbiri ya oimba jazi, amene anayamba kuchuluka ku Hollywood m'zaka za m'ma 1950, ali ngati njerwa zoumbidwa m'zikombole ziŵiri zokha. M'chikombole choyamba muli mzungu wotsogolera gulu, amene avutika pang'ono, apeza mkazi wopirira, kenaka atchuka: ndimo m'mene aliri The Glenn Miller Story wa mu 1954 ndi The Benny Goodman Story wa mu 1956. M'chachiŵiri muli munthu wakuda waluso loposa, amene moŵa ndi mankhwala ozunguza bongo zimkankhira kumanda akali wanthete. Lady Sings the Blues wa mu 1972 asimba za Billie Holiday, amene anamwalira mu 1959 ali ndi zaka 44. Bird wa mu 1988 asimba za Charlie Parker, amene anatsikira kuli chete mu 1955 ali ndi zaka 34. Woonera atuluka atangophunzira zimene makolo ananena kale, kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Za anthu amene anasema ng'omayo, ndi amene ankaivina, samva kanthu.

Koma pali kanema mmodzi amene ife a Mpingo sitingamlambalale, ndiye St. Louis Blues wa mu 1958. Nkhani yake ndi ya W. C. Handy, mwana wa mbusa, wobadwa mu 1873 ku Alabama, amene anasindikiza nyimbo ya dzina lomwelo mu 1914. M'kanemamu bambo wake aona nyimbo za m'makwalala ndi za m'nyumba za moŵa ngati za Satana, ndipo afuna kuti luso la mwana wake litumikire m'tchalitchi mokha. Tiyamike zoyenera kuyamika. Juano Hernandez saonetsa mbusayo ngati chitsiru ai, koma ngati kholo loopera mzimu wa mwana wake, ndipo mantha akewo ali ndi pogwira. Nat King Cole, amene aseŵera mbali ya Handy, nayenso anali mwana wa mbusa. Pa seŵero ngwouma thupi, koma akangokhala pa piyano amasuka. Ndipo Mahalia Jackson akaimba m'kwaya, khutu limva lokha kuti nyimbo ya m'tchalitchi ija ndi nyimbo yoletsedwayo zinayamwa bere limodzi.

Pamene kanemayu aphunthwa ndi paŵiri. Poyamba, Handy achita khungu, abwerera ku nyimbo za Mulungu, ndipo maso ake apenyanso, ngati kuti khungulo linali chikoti chomkusira m'khola. Amene taŵerenga mutu 9 wa Yohane sitingalandire chiphunzitso chotere. Ndipo Handy weniweni, atagwa pa siteshoni ya sitima ku New York mu 1943, anakhala wosaona mpaka imfa yake mu 1958. Kachiŵiri, bambo ayanjana ndi nyimbo ya mwana wake pokhapokha ataimva m'holo yaikulu ku New York, ikuimbidwa ndi gulu la zoimbira zachizungu. Tsono tifunse: kodi mbusayo walandira nyimbo ya anthu ake, kapena walandira suti imene aiveka?

Funsoli si lachilendo kwathu kuno. Tonse tidziŵa kuti panali nthaŵi pamene ng'oma sinkaloŵa m'tchalitchi, ndi kuti chikalata cha Msonkhano wachiŵiri wa Vatikani chonena za Liturjiya, cha mu 1963, m'ndime 119, chinalamula kuti nyimbo za makolo za m'maiko a mishoni zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo. Ng'oma inaloŵa, zisekese zinaloŵa. Koma nyimbo zobadwira m'makomboni ndi m'malokesheni, zopanda ulemu wa makolo ndiponso zopanda ulemu wa Azungu, zinatsala pakhomo.

Nchifukwa chake tiika pambali pa St. Louis Blues kanema wina wosatchuka, wojambulidwa kuno ku Malaŵi. Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wa ku Vienna, anapeza Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald akuimba mumsewu ku Blantyre, nawatsata kwao kwa Singano, ku Chileka, kumene anawajambula. Anyamataŵa anakhalapo ndi makolo ao ku Salisbury, Harare wa lero, ndipo kumeneko anamva kwela, nyimbo imene ana a m'malokesheni a ku Johannesburg anaipeka potsanzira jazi wa ku America ndi kachitoliro kotsika mtengo. Kanema The Magic Garden wa mu 1951 ndi mbale za Spokes Mashiyane zinathandiza kuifalitsa. Motero jazi anafika ku Chileka atadzera njira yomwe ankadzera anthu opita ku Joni.

M'kanema wa Kubik mulibe woseŵera mbali ya mnzake, mulibe misozi yokonzeratu. Muli gitala wa Daniel, besi wa chingwe chimodzi, ndi Donald, mnyamata wamng'ono, atalowetsa chitoliro chammbali mkati mwa kamwa kuti chilire mau onenepa. Muli ndi mudzi. Woimba sanazulidwe m'nthaka yake, ndipo palibe holo imene idikiridwa kuti idzamvomereze. Inde, ndi kanema wa kafukufuku, wojambulidwa ndi mlendo; sasimba moyo wonse, ndipo pa ukadaulo wa zithunzi sangapikisane ndi Hollywood. Koma pa choonadi cha munthu ndi nyimbo yake, tiona kuti apambana. Abale aŵiriŵa anakaimbadi ku Ulaya mu 1972, koma lusolo linali lokwanira kale mu 1967, pa fumbi la kwa Singano. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001.

Tikatembenukira ku zigwa za fodya za ku Kasungu, nkhaniyi itikhudza pafupi. Maesiteti atachuluka m'zaka za m'ma 1970, mabanja ambiri ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje anabwera kudzakhala matenanti, ndipo sanabwere ndi makasu okha. Kwao kumeneko mau akuti jazi ankatanthauza banjo ndi ng'oma zopanga okha, monga zinaliri ndi Chimvu Jazz Band ya Alan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo amene anamwalira mu 1995. Ku Kasungu anapeza mganda, umene zipanda zake zilira ngati malipenga a asilikali. Munthu amene wachezera usiku wonse kusonkhezera moto wa m'balani, kapena watha tsiku akusoka fodya pansi pa chigafa, akatenga banjo wa chigubu cha mafuta saimba zopanda pake. Aimba za ngongole ya chimanga, za mwana amene anamuika kutali ndi manda a makolo, za mkazi amene anathaŵa njala.

Wansembe wachinyamata wotumidwa ku parishi ya kumeneko adzakumana naye woimba wotere, ndipo kaŵirikaŵiri adzapeza kuti ndi mnyamata yemweyo wotsogolera kwaya Lamulungu. Angathe kumuuza, monga mbusa wa m'kanema, kuti asankhepo chimodzi. Angathenso kudikira mpaka nyimbozo zitamveka pa wailesi, zitavekedwa suti, kuti azivomereze. Njira zonse ziŵirizi nzomwe St. Louis Blues watiwonetsa, ndipo zonse zipeŵa ntchito yovuta, imene Kubik anaichita ndi makina ake ojambulira: kupita kumene woimbayo akhala, kukhala pansi, ndi kumvetsera mpaka nyimbo ithe. Sitikunena kuti nyimbo iliyonse ya pa moŵa iloŵe pa Misa. Tikunena kuti mbusa amene sanamve zimene banjo wa pa esiteti akudandaula sanadziŵe nkhosa zake, ndipo ulaliki wake wa Lamulungu udzayankha mafunso amene palibe anafunsa.