Njoka ya m'phiri ndi mkangano wa owerenga a Chimombo

Anthu okonda zolemba za malemu Steve Chimombo akafunsana kuti buku lopambana ndi liti, mayina omwe amatuluka ndi odziwika: sewero la The Rainmaker la 1978, ndakatulo za Napolo zomwe zinatuluka pamodzi mu 1987, buku la nkhani yaitali la The Wrath of Napolo la 2000, kabuku ka The Bird Boy's Song ka 2002, ndi nkhani za mu The Hyena Wears Darkness za 2006. Nkosavuta kuika The Wrath of Napolo patsogolo, chifukwa ndi lochindikala kuposa ena onsewa, likukhudza ndale, ndipo dzina la chinjoka chotchukacho lili pachikuto penipeni. Koma kumeneko nkuyesa buku ngati thumba la chimanga pa sikelo ya mavenda. Nkhani ya mdima, ija ya mizimu, zinjoka za pansi pa nthaka ndi akufa okana kugona, mphamvu zake zimagona pena. Chofunika kufunsa nchakuti, kodi choopsacho chili ndi malamulo akeake omwe amamanga ampangankhani, moti wowaphwanya amalipira? Tikafunsa motero, buku lalikulu lija limatsika pa mpando, timabuku tating'ono nkukwera.

Muyeso umenewu sunabadwire ku yunivesite. Mwana wokulira ku Katowo, m'dera la Hewe kumadzulo kwa Rumphi, komwe malire a Zambia ali pafupi kuposa boma, amaudziwa asanagwire choko. Mu vidokoni, nthano za Atumbuka zokambidwa madzulo, chilombo sichidya munthu mwachisawawa. Pamakhala choletsa chomwe chanenedwa poyamba, wina nkuchinyozera, ndipo omvera amayamba kunjenjemera pomwepo, chilombocho chisanatulukire nkomwe. Makolo a ku Nkhamanga ankakamba za Chikang'ombe, mzimu wa thupi la njoka womwe kwawo kunali phiri la kufupi ndi Njakwa, pomwe mtsinje wa South Rukuru umapanikizika pakati pa matanthwe. Kudutsa kwake kunkadziwika ndi mphepo yamphamvu, ndipo mvula ikavuta anthu ankadziwa kokapereka nsembe. Pamwamba pa Nyika, nyanja yaing'ono ya Kaulime nayo ili ndi mbiri ya njoka yake. Ngakhale pa vimbuza, gule wochiza yemwe UNESCO inamuzindikira mu 2005, mzimu subwera chibwerebwere, umadikira ng'oma yake ndi nyimbo yake, ndipo oimba akaphonya, wodwala sadzuka kuvina. Munthu woleredwa ndi zimenezi akatsegula buku la mizimu amafuna kudziwa msanga kuti mzimuwo umafuna chiyani, umadana ndi chiyani, nanga amene waulakwira zimamuthera bwanji. Mlembi akalephera kuyankha, wowerenga wotere amadziwa kuti mzimuwo wangoikidwamo ngati chokometsera.

Napolo wa a Chimombo anafika m'mabuku ali kale ndi malamulo ake, ndipo mwayi waukulu wa mlembiyu unali umenewu. Iwo anabadwira ku Zomba mu 1945, ndipo mu Disembala 1946 chimvula chinagumula mbali za phiri la Zomba, madzi ndi miyala nkusesa milatho, nyumba ndi anthu. Eni dera sanavutike kupeza dzina la chomwe chinadutsacho, ndipo posakhalitsa a Paseli Brothers anachiika m'nyimbo. Napolo amagona pansi pa phiri zaka zambirimbiri, tsiku lina nkusamuka kulowera kunyanja kapena kuchigwa, ndipo njira yake ikakupeza sakufunsa ngati uli wolakwa kapena wosalakwa. Ndakatulo za Napolo zinalembedwa mu ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo linali pakhosi pa mlembi aliyense, ndipo chaka chomwe zinatuluka pamodzi, 1987, ndi chomwechonso wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatengedwa kukatsekeredwa ku Mikuyu. Nzosadabwitsa kuti owerenga ambiri ankaona Kamuzu ndi anthu ake m'chinjokacho, chinthu chobwera usiku, chotenga munthu popanda mlandu, chosatchulidwa dzina mokweza. Pano ena anganene kuti muyeso wanga wagwa kale, poti ndakatulozi zinatchuka chifukwa cha chiphiphiritso cha ndale, osati chifukwa cha njoka. Koma taonani chomwe chinachititsa kuti chiphiphiritsocho chigwire ntchito. Ounika mabuku sakanatha kunena motsimikiza kuti Napolo ndi Ngwazi Kamuzu, chifukwa Napolo analipo Ngwazi isanabwere kuchokera kunja mu 1958, ndipo ku Zomba kunali manda otsimikiza zimenezo. Mu Malichi 1991, ulamuliro womwewo udakalipo, phiri la Michesi linagumukira anthu a ku Phalombe, mazana nkufa, ndipo palibe anati nzandale. Njokayo inatha kunyamula katundu wa ndale chifukwa inali ndi moyo wakewake.

The Rainmaker, sewero la nthano ya Mbona, yaima pa maziko olimba chimodzimodzi. Nthano ya Mbona, yemwe kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndi nthano ya malamulo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Mvula imamvera munthu mmodzi nkukana ena, ndipo nsanje imabadwira pomwepo. Adani akamupeza Mbona, zida zawo sizimulowa, mpaka iye mwini awauze njira yomuphera. Akamudula mutu, nkhani siithera pamenepo, chifukwa wophedwayo ndiye amasanduka mwini mvula, ndipo dziko lomwe linamupha liyenera kumamupembedza kuti lidye. Kuopsa kwa nthanoyi kuli apa: opha munthu amadzimangirira kwa iye mpaka mibadwomibadwo. Mutachotsamo mphamvu za Mbona, simutsala ndi sewero lofooka, mutsala opanda sewero. Ndiye chizindikiro chakuti choopsacho ndi msana wa nkhani.

Tsono kutsutsa galu nkukumba, choncho tiyese The Wrath of Napolo ndi muyeso womwewo. Bukuli latsamira pa ngozi yeniyeni yomwe anthu a kumpoto amaidziwa bwino, kumira kwa sitima ya Vipya pa 30 Julaye 1946 kufupi ndi Florence Bay, kumunsi kwa mapiri a Livingstonia, pomwe anthu 145 anatsikira kulichete. Chaka chake ndi chomwe chija cha Napolo wa ku Zomba, ndipo nkosavuta kuona chomwe chinakopa mlembi kulumikiza ziwirizi. A Chimombo anasintha mayina a dziko ndi sitima, nkutuma mtolankhani kuti akafukule choonadi patadutsa zaka makumi asanu, m'nyengo ya demokalase yatsopano. Ndi mfundo yabwino, ndipo funso lomwe bukuli likufunsa, lakuti nchifukwa chiyani maboma osiyanasiyana amagwirizana pa kukwirira mbiri yowawa, ndi lofunika. Koma zoopsa zomwe mtolankhaniyo akukumana nazo zikuchokera kwa anthu okhala ndi zinsinsi, maudindo ndi ndalama. Mutafufuta dzina la Napolo pachikuto ndi m'masamba, kafukufuku wa mtolankhaniyo angayendebe mpaka kumapeto. Njoka yomwe m'ndakatulo inali ndi phiri lake ndi nthawi yake, pano yatambasulidwa kuti ikwane namondwe wa panyanja, atsamunda, chipani chimodzi ndi andale atsopano, ndipo chinthu chikaimira zonse sichikhalanso ndi choletsa chomwe munthu angachiphwanye. Wolikonda bukuli ali ndi zifukwa zomveka, kungoti akulikonda ngati nkhani ya kafukufuku ndi mbiri. Pamenepo nzoona, lili ndi malo ake. Pa nkhani ya mdima lapitiriridwa ndi kabuku komwe kangalowe m'thumba la malaya.

Kabuku kameneko ndi The Bird Boy's Song, komwe a Chimombo anakambanso nthano yakale ya kapolo wolanda malo a mbuye wake. M'nthano za mtundu umenewu mwini malo weniweni amatsitsidwa nkupatsidwa ntchito yonyozeka yoingitsa mbalame m'munda, ndipo chomwe chamutsalira ndi nyimbo basi. Lamulo la nthanoyi ndi limodzi, losavuta, koma silipindika: chobisidwa ndi anthu chidzatulukira m'nyimbo, ndipo nyimbo siitsekeredwa. Owerenga Chichewa amalidziwa lamuloli kuchokera mu Sikusinja ndi Gwenembe ya John Gwengwe, momwe munthu apha m'bale wake panjira chifukwa cha chuma, kambalame nkumamutsata kakuimba mpaka kumudzi. Chomwe chimaumitsa thupi m'nkhani imeneyo si magazi ayi, koma kubwerezabwereza kwa nyimboyo, wakupha akuyesa njira iyi ndi iyo yoti aitontholetse, ife omvera tikudziwa kale kuti sizitheka. Amos Tutuola wa ku Nigeria anagwiritsa luso lomweli mu The Palm-Wine Drinkard ya 1952, pomwe mwamuna wooneka bwino pamsika akubwerera kwawo akubweza ziwalo zomwe anabwereka, mwendo kwa mwini wake, mkono kwa mwini wake, uku akulipira ya lendi, mpaka kutsala chigaza chokha, mtsikana yemwe anakana kumva zomuletsa akutsatirabe pambuyo. Zodabwitsazo zikuyenda mwadongosolo ngati kubweza ngongole, ndipo dongosolo limenelo ndilo likuopsa.

Pali chotsutsa china chaching'ono chomwe sindichinyoza. Mabuku ambiri a Chimombo anasindikizidwa ku Zomba ndi kampani yawo ya WASI, m'Chingerezi, ndipo safika paliponse. Kwa wowerenga wa ku Katowo, yemwe chiyankhulo chake cha Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pa wayilesi mu 1968, buku lapamtima nthawi zambiri ndi lija lokhalo lomwe linamupeza. Zimenezi zimafotokoza chifukwa chake anthu amasankha mosiyana, koma sizisintha mmene mabukuwo anaumbidwira.

Chotsutsa cholimba kwambiri ndi The Hyena Wears Darkness. M'bukuli mulibe chinjoka, ndipo fisi wake ndi munthu wamba, mwamuna wotumidwa usiku kukakwaniritsa mwambo wogonana, m'zaka zomwe Edzi inkapulula midzi. Komabe ambiri angavomere kuti pa zolemba zonse za a Chimombo, izi ndi zina mwa zakuda kwambiri. Kodi pamenepa muyeso wa malamulo a mizimu sukulephera? Ndikuona kuti ukulimba. Chomwe chimaloleza fisi kulowa m'nyumba ndi mantha a lamulo losaoneka, chikhulupiriro chakuti mwambo ukapanda kuchitika imfa kapena matenda zidzagwera banja lonse. Mayi wamasiye kapena namwali amapanikizika pakati pa malamulo awiri, la makolo lomwe likuti ukakana anthu adzafa, ndi la kachilombo lomwe likuti ukalola udzafa ndiwe. Onse awiri ali ndi mtengo, ndipo kachilombo, mofanana ndi Napolo, sikafunsa wolakwa. Choncho sikofunika kuti mzimu uonekere ndi maso m'nkhani. Chofunika nchakuti lamulo la choopsacho ligwire ampangankhani pakhosi, asapeze pothawira pa ulere. Pa mbali imeneyi kabukuka kakuposa The Wrath of Napolo kutalitali, ngakhale kuti cholinga chake chophunzitsa anthu za matenda chimaonekera poyera kuposa mmene nkhani yabwino imafunira.

Chatsala ndi nkhawa ya anthu oganiza bwino, yakuti kuyamikira nkhani zotenga mizimu ngati yeniyeni nkuthira mafuta pa moto m'dziko lomwe agogo amamenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Nkhawayi ndi yoona, ndipo mlembi wa nkhani za mdima kuno kwathu sangaizembe ngati mmene angachitire mnzake wa ku London, komwe owerenga ambiri amatseka buku nkuiwala. Koma tiyenera kusiyanitsa choopsa chokhala ndi malamulo ake ndi choopsa chofuna munthu woti chimukanirire. Napolo, Chikang'ombe ndi Mbona satuma aliyense kukagumula nyumba ya nkhalamba ya kuseri kwa mudzi, chifukwa zochita zawo sizichokera kwa mnansi. Nkhani zoopsa zotchipa, zija zodzaza timapepala ndi mafilimu ena, ndi zomwe zimathera pa kuvumbula mfiti, pafupifupi nthawi zonse mayi wokalamba kapena wachibale wolemera, ndipo zimatero chifukwa mlembi analibe lamulo loti nkhani iyendere, ndiye wafuna wolakwa woti atsekere nkhani. Legson Kayira wa ku Nthalire, kumpoto kwa Nyika, anaona msampha umenewu kale mu The Looming Shadow ya 1967, momwe mkangano wa m'mudzi ukukula mpaka kufika ponenezana ufiti. Kwa iye mdima uli mwa onenezawo ndi m'mudzi wokonzeka kuwakhulupirira, ndipo pa ichi buku lake likuyandikana ndi fisi wa a Chimombo kuposa ndi njoka yawo.