Mthiko Susankha Dzanja

Mau amene timamva kawirikawiri m'makomboni a Lusaka ndi akuti, "Mkazi anamlengera kukhichini, mwamuna anamlengera nchito ya ndalama, ndipo matupi ao omwe acitira umboni." Ine ndinakula ndikubvomereza mau amenewa, kufikira pamene ndinawerenga buku la mai Karen Tranberg Hansen lochedwa Distant Companions, limene linasindikizidwa m'caka ca 1989. Mai ameneyu, wobadwira ku Denmark, anayamba kufufuza za makhalidwe a anthu a ku Mtendere m'caka ca 1971, ndipo m'bukuli alongosola mbiri ya anchito a m'nyumba m'dziko lathu kuyambira 1900 kufikira 1985.

Tisanaliweruze bukuli, tiyambe tabvomera zoona. Matupi asiyanadi. M'thupi la munthu muli tinthu tosaoneka ndi maso tochedwa makromosomu, magulu 23 a tiwiritiwiri, ndipo gulu limodzi lokha ndilo lisiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mkazi ndiye atenga pakati, nabala, nayamwitsa. Amuna ambiri aposa akazi msinkhu ndi mphamvu za m'mikono, koma akazi ambiri akhala ndi moyo zaka zocuruka kuposa amuna. Tsono funso ndi ili: kodi kusiyana kumeneku ndiko kunagawa nchito zathu?

Bukuli liyankha kuti iai, ndipo umboni wace ngwobvuta kuutsutsa. M'masiku a Northern Rhodesia, amene ankaphika, kucapa, kusita ndi kukolopa m'nyumba za Azungu anali amuna. Izi ndizidziwa ndekha, pakuti agogo anga amuna anali khuki kumayadi Lusaka atakhala likulu la dziko mu 1935. Ankadziwa kuphika buledi wokoma, koma pofika kwao madzulo sankakhudza mthiko, ati ndi nchito ya akazi. Manja anali omwewo. Cinasiyana ndi malipiro.

Nanga akazi anali kuti? Mai Hansen aonetsa kuti Boma ndi mafumu ankayesetsa kuwatsekereza kumidzi, ndi kuti adona ambiri sankafuna mkazi wa Ciafrika m'nyumba, poopa kuti angakope amuna ao. Nkhondo yaciwiri itatha, Boma linayesa kunyengerera adona kuti alembe akazi, kuti amuna apite ku nchito zina, koma zinakanika. Apa ndipo pagona nzeru ya bukuli: cimene cinatseka khomo si kufooka kwa thupi la mkazi ai, koma mantha ndi maganizo a anthu pa thupilo.

Wokayika apite ku Kalingalinga akaone amai amene akhala akuphwanya miyala ndi nyundo m'mbali mwa mseu, dzuwa lili pamutu, mwana ali kumsana. Nchito yolemera ikakhala ya malipiro ocepa, palibe amene amakumbuka kuti mkazi ngwofooka.

Komabe bukuli lili ndi colakwa cace. Linalembedwa m'Cizungu ca anthu ophunzira kwambiri, nkusindikizidwa ku America, kotero kuti anchito eni ace a nkhaniyi, ndi ana ao a ku Kanyama kapena ku George, sangalimve. Kuli ngati kuphikira mlendo nsima ya cimanga ca mwini nyumba, mwiniyo nkugona ndi njala. Ndiponso wowerenga mothamanga angasocere, nkuyesa kuti thupi liribe kanthu konse. Sicomweco ai. Mai wapakati amene aphwanya miyala tsiku lonse aika moyo wace ndi wa mwana paciswe. Kusiyana kwa matupi kutiuza za amene afunika cisamaliro pa nthawi yace. Sikutiuza za amene ayenera kuphunzira kapena kulandira ndalama zambiri.

Inu anyamata ndi atsikana amene mwangotsiriza sukulu, nkhaniyi njanu. Posacedwa ndalama zidzacepa panyumba, ndipo makolo adzafunsa kuti apitirize maphunziro ndani, mwana wamwamuna kapena wamkazi. Kwathu anasankha ine, mlongo wanga natsala, ngakhale kuti pa masamu ankandiposa kutali. Lero ine ndikhala pa desiki m'ofesi ya Boma, iye agulitsa tomato pa msika ku Chawama. Wina akadzakuuzani kuti thupi ndilo linaweruza mlandu umenewu, mudzamkumbutse za agogo anga ndi buledi wao.