Chiphunzitso Chimayesedwa pa Maliro

Ku Nambuma, kumene parishi ya Akatolika yazingidwa ndi midzi ya Achewa, funso la chiphunzitso silidikira kalasi ya katekisimu. Limafika pa siwa: malemuwa aikidwe ndi mpingo, kapena ndi gule wamkulu? Kwa zaka zambiri amishoni a m'chigawo chapakati ankaona dambwe ngati mdani. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican utatha mu 1965, maganizo anayamba kufewa, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anatsegula malo a Kungoni ku Mua, kumene zigoba za gule zimasungidwa kuti anthu aphunzirepo. Chikhulupiriro cha Akatolika sichinasinthe. Chinasintha ndi kaweruzidwe kawo ka miyambo.

Ife a kunyanja nkhaniyi si yachilendo. Ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, Akadiriya amaperekeza janaza ndi sikiri mokweza mawu, pamene a Sukuti, omwe dzina lawo limachokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kukhala chete, amati aperekezedwe mwakachetechete. Za sadaka ya tsiku la 40 nazonso tagawanikana, mpaka abale a bere limodzi kukana kudyera m'mbale imodzi.

Ena potopa amati chiphunzitso ndicho chimadanitsa anthu, bwenzi tikungochisiya. Akulakwitsa. Popanda tauhidi, Msilamu sangadziwe chifukwa chimene sapempha mvula kwa mizimu. Chiphunzitso ndicho chimauza wofedwa kumene m'bale wake wapita ndi Amene adzamuweruze.

Koma akulakwitsanso amene asandutsa nthambi iliyonse kukhala muzu. Umodzi wa Allah, uneneri wa Muhammad (mtendere ukhale pa iye) ndi tsiku lachiweruzo ndiyo mizu, ndipo Mkadiriya ndi Msukuti satsutsana pa zimenezi. Kaperekezedwe ka maliro ndi nthambi. Pa nthambi ma ulama amakambirana ndi maumboni, osati ndi mwano. Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsata mazihabu ake, anasintha zigamulo zina atachoka ku Iraq kupita ku Egypt, kumene anamwalira m'chaka cha 820. Palibe anamutcha kafiri.

Choncho mwalimu wa ku madrasa asamangolowezetsa ana zigamulo. Awaphunzitsenso kusiyanitsa muzu ndi nthambi. Ndipo mashehe, ngati nkhani ya sikiri ili ndi mlandu, aikambe mu mzikiti maliro asanagwe. Pa manda mkazi wamasiye akusowa dua, osati mtsutso.