Kanema wa Dziko Lathu: Mphotho Kutsidya kwa Nyanja, Mdima ku Kasakula

Makolo athu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mwambi umenewu watibwerera m'maganizo polingalira za mphotho zimene kanema wa Amalawi walandira kunja. M'chaka cha 2016, *Lilongwe* wa mayi Joyce Mhango Chavula adapambana ku Lagos pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards, monga kanema woposa onse a kumwera kwa Africa. Mu 2018 mphotho yomweyo idagwera *The Road to Sunrise* wa bambo Shemu Joyah, amenenso adakhala woyamba kutumizidwa ndi dziko lino ku mpikisano wa Oscar.

Ulemu umenewu sudadze mwangozi. Bambo Joyah ali ndi diso la mbusa. Mu *Seasons of a Life* amaima ndi mtsikana wantchito wochimwiridwa ndi bwana wake. Mu *The Last Fishing Boat*, wa 2012, amalira ndi msodzi amene nyanja yamuthera nsomba. Mu *The Road to Sunrise* amayang'ana akazi oyendayenda a mu Blantyre osatola mwala. Wansembe wophunzira kumvera anthu mu kulapa angatolepo nzeru.

Koma tiyenera kufunsa: kodi kanema wa fuko amayesedwa ndi muyeso wanji? Maiko olemera amawerenga ndalama za matikiti nasanja makanema pa mndandanda. Ku Kasakula, m'mapiri a Ntchisi, kulibe nyumba yogulitsa matikiti otere. Chimene achinyamata a kumidzi amachidziwa ndi tinyumba ta vidiyo pa misika, momwe amaonera nkhondo za ku America ndi ku Asia zomasuliridwa m'Chichewa chanthabwala.

Chitsanzo chowawa ndi *The Boy Who Harnessed the Wind* wa Chiwetel Ejiofor, wa 2019. Nkhani yake ndi ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma loyandikana nalo la Kasungu, amene adapanga makina a mphepo pa nyengo ya njala ya 2002. Njalayo amaionetsa moona, kufikira banja likudya kamodzi patsiku, ndipo gule wamkulu amafika pamaliro mwaulemu, osati monga chodabwitsa cha alendo. Komabe Chichewa cha osewera akunja chimapunthwa m'khutu la Mchewa. Ku Oscar kanemayu adatumizidwa ndi Britain, ndipo adafalitsidwa pa Netflix, yofuna intaneti ndi ndalama. Choncho nkhani ya mnyamata wosowa magetsi imavuta kuwafikira anzake osowa magetsi.

Apa Eklezia sangasambe m'manja. Chikalata cha *Inter Mirifica*, cha Msonkhano Wachiwiri wa Vatican mu 1963, chidatchula kanema pakati pa zida zofalitsira uthenga, ndipo chidapatsa abusa udindo wophunzitsa akhristu kuonera mozindikira. Miphakati, imene Ambuye Patrick Kalilombe adailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe, ndi bwalo lokonzeka kale. Parishi imene ingapeze makina oonetsera, batire ndi chilolezo cha eni kanema, ingathe kusonkhanitsa anthu madzulo, kenaka nkukambirana zimene aona mounikiridwa ndi Mthenga Wabwino.

Tikupempha ansembe ndi aseminale kuti ayambe aonera okha makanemawa, kenaka awatengere ku nthambi za parishi. Tsiku limene mayi wa ku Kasakula adzati, "Njala imeneyo ndikuikumbuka, koma apa alakwitsa," kanema wathu adzakhala atapeza woweruza wake weniweni.