Nyimbo ya nkangala ili m'kamwa

Ukayang'ana dzanja la mayi woyimba nkangala, ungaganize kuti palibe luso lenileni. Nkangala ndi bango lopindika pang'ono ndi chingwe chimodzi basi. Dzanja lina limakhwatcha, chala cha dzanja linalo n'kumagwira chingwe ndi kuchisiya. Mamvekedwe amene dzanja limatulutsa ndi awiri kapena atatu okha. Nanga nyimbo yonse ija imachokera kuti?

Imachokera m'kamwa. Chingwe chikamanjenjemera sichilira liwu limodzi. Pamwamba pa liwu lalikulu pamakhala timawu tina tating'ono tosanjikizana. Woyimba amatsamiritsa nsonga ya bango pamilomo, ndipo posuntha lilime ndi kukuza kapena kuchepetsa mphako ya m'kamwa, amasankha kaliwu kamene akufuna kamveke. Tinato timatsalira pansi.

Ndi zomwenso timachita polankhula. Gunnar Fant wa ku Sweden anafotokoza m'buku lake la mu 1960 kuti kholingo limangopereka phokoso, koma njira yochokera kukhosi kufika kumilomo ndiyo imaumba phokosolo. Kwa mwamuna wamkulu njirayi ndi yotalika pafupifupi masentimita 17, ndipo ikakhala yosapanikizika imakweza mawu apafupi ndi 500, 1500 ndi 2500 Hz (kunjenjemera pa sekondi imodzi). Akatswiri amatcha magawo okwezedwawa ma formant. Nenani "i" kenako "u" osasintha kukwera kwa liwu: kholingo silinasinthe kanthu, koma gawo lachiwiri latsika kwambiri. Woyimba nkangala amatchula zilembo zaliwu zomwezi mwakachetechete, chingwe n'kumulankhulira.

Chidachi ndi chachibale ndi umqangala wa Azulu, ndipo chinafika kuno ku Malawi ndi Angoni m'zaka za m'ma 1800. Akatswiri ofufuza za nyimbo, Gerhard Kubik ndi Moya Malamusi, anachijambula ndi kuchifufuza kummwera kwa Malawi.

Ena amachinyoza kuti n'chosamveka patali. N'zoona, koma pamenepo akuchiyesa ndi muyeso wa ng'oma. Nkangala ndi ya munthu amene ali yekha pakhonde, ndipo amene amaimva bwino koposa ndi mwini wake, chifukwa kunjenjemera kumadutsa m'nsagwada zake. Chimene chimandidandaulitsa ine ndi ojambula mawu amene amaika maikolofoni pafupi ndi dzanja. Amagwira kukhwatcha kokhakokha, nyimbo n'kuitaya. Maikolofoni iyenera kuloza pamilomo, pafupi ndithu, ngakhale itole ndi mpweya wa woyimbayo.