Za Kaphunzitsidwe ka Malamulo a Chichewa m'Fomu 1 ndi Fomu 2

Tsiku lina ndinakhala kumbuyo kwa kalasi ya Fomu 1 pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, ndiri kumvetsera phunziro la Chichewa. Mphunzitsi anali munthu wachangu ndi wokonda ana ake. Analemba pabolodi magulu a maina, nauza ana kuti maina oyamba ndi chi- kapena ch- ali m'gulu la Chi-Zi, monga chingwe, chisa ndi chala. Ana anabwereza katatu ndi mau amodzi mpaka analoweza. Pamenepo mtsikana wina wa pa benchi la kutsogolo anakweza dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga chule? Popeza timati chala, zala, bwanji sitinena kuti chule, zule?" Anzake anaseka, mphunzitsi nayenso anamwetulira nati funso lotere silibwera pa mayeso, ndipo phunziro linapitirira. Ine ndinatuluka ndi chisoni, pakuti mwa mau onse amene ananenedwa m'chipinda chija, funso la mwanayo ndilo linali la nzeru koposa, ndipo ndilo lokha limene silinayankhidwe.

Kapena ena a inu mudzati, "Ife tiri kukonzekera kukaphunzitsa ku pulaimale, nkhani ya ku sekondale itikhudza bwanji?" Ikukhudzani pawiri, abale anga. Choyamba, mwana amalowa m'Fomu 1 ndi chizolowezi chimene inu munampatsa. Ngati anazolowera kuloweza osafunsa, adzaterobe. Chachiwiri, chiyambire pamene sukulu za sekondale zoyendera zinachuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, aphunzitsi ambiri ophunzitsidwira ku pulaimale akhala akutumidwa kukagwira nchito m'makalasi amenewa. Tsono choko chimene mnzanga uja anagwira tsiku lija, mawa chingakhale m'dzanja lanu.

Vuto limene ndinaona silinayambe ndi mphunzitsiyo iai. Gwero lake liri kutali. Mabuku oyamba ofotokoza chinenero chathu analembedwa ndi amishoni. David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa buku lake lalikulu la mau a Chimang'anja m'chaka cha 1892, ndipo Alexander Hetherwick analikonzanso nalitulutsa mu 1929. Anthu amenewa ayenera kuyamikidwa, pakuti anasunga mau ambiri amene akadatayika. Komatu iwo ankalembera Azungu anzao ofuna kuphunzira kulankhula nafe, kotero funso lao linali lakuti, "Chimene m'Chingelezi timachitchula motere, m'Chinyanja n'chiti?" Pambuyo pake, makamaka Chichewa chitakhala chinenero cha fuko mu 1968, mitundu ya mau inadziwika m'sukulu ndi maina okoma a kwathu kuno: dzina, mneni, mfotokozi, muonjezi, mlowam'malo, mperekezi, mlumikizi. Maina anasintha, koma dengu losankhiramo mau linatsala lomwe lija lolukidwira Chingelezi ndi Chilatini.

Chenjezo pa zimenezi linamveka kale. Clement Doke, wa ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, analimbikira kunena kuti zinenero za Chibantu zifotokozedwe monga mwa kapangidwe kake komwe, ndipo mu 1935 anasindikiza buku la mau oyenera kugwiritsa nchito pozifotokoza. Mu 1937 Mark Hanna Watkins anatulutsa ku Amereka buku la malamulo a Chichewa, atamvetsera kalankhulidwe ka Hastings Kamuzu Banda amene panthawiyo anali wophunzira ku Chicago. Onse awiri anayamba ndi khutu, natsiriza ndi lamulo. Ife m'kalasi timayamba ndi lamulo, ndipo nthawi zambiri belu limalira tisanafike pa khutu.

Tiyeni tsono timuyankhe mtsikana uja. Gulu la dzina silidziwika ndi chilembo choyamba chokha. Limadziwika ndi agwirizanitsi amene dzinalo limaitana m'chiganizo. Timati "chala changa chatupa," koma "chule wanga wathawa." Timati "zala zanga," koma "achule anga." Motero chule ali pamodzi ndi galu, nyani ndi munthu, m'gulu la Mu-A. Chimodzimodzinso kalulu: ngakhale ayamba ndi ka- monga kamwana, timati "kalulu uyu" koma "kamwana aka." Mwana ali yense wa m'kalasi ija anali kudziwa zimenezi chiyambire ali kumbuyo kwa amake, pakuti palibe Mchewa anganene kuti "chule changa chathawa." Mphunzitsi akadangoti, "Tanena chiganizo, tiuze kuti chule wako watani," mwanayo akadapeza yekha yankho, ndipo kalasi yonse ikadagwira lamulo loona m'malo mwa lamulo lopunduka.

Taonaninso mfotokozi. Ana amaloweza kuti mfotokozi ndi mau ofotokoza dzina, napatsidwa mndandanda wa zitsanzo: wamkulu, wanzeru, wozizira. Mau atatuwa akhala pamodzi chifukwa m'Chingelezi ali mtundu umodzi. M'Chichewa anabadwa kosiyana. Masinde enieni a mfotokozi ndi owerengeka, monga -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi ndi -wisi, ndipo amatenga agwirizanitsi awiri: chingwe cha-chi-tali, mtengo wa-u-kulu. Wanzeru wachokera ku dzina lakuti nzeru, ndipo wozizira wachokera ku mneni kuzizira. Mwana amene waona kusiyana kumeneku angathe kudzipangira yekha afotokozi mazana kuchokera ku dzina kapena mneni ali yense. Amene wangoloweza mndandanda ali ndi atatu okhawo, ndipo mayeso akatha amawaiwala.

Chomwechonso ndi timau tija pa, ku ndi mu. Kawirikawiri ana amauzidwa sabata ino kuti ndi aperekezi, sabata ya mawa kuti ndi magulu a maina, popanda wowalongosolera kuti ziwirizi zikumana pati. Koma tamverani: "Pamudzi pano pali maliro." "Kumunda kwathu kuli anyani." "M'nyumba muno muli utsi." Timau timeneti tiri kulamulira chiganizo chonse monga momwe dzina lichitira, chinthu chimene mperekezi wa Chingelezi sangachite konse. Ndipo nchito yambiri imene aperekezi amagwira m'Chingelezi, kwathu kuno amaigwira ndi mneni mwa misintho yake: phika, phikira, phikitsa, phikidwa. Liu limodzi lakuti "sindidzakuphikiraninso" lanyamula kukana, wochita, nthawi, wochitiridwa, ulemu ndi kubwereza. Pamenepa ndi pamene pagona mphamvu ya chinenero chathu, ndipo m'poyenera kutherapo masabata ambiri, ana akumasula mau otere ndi kumanga ao.

Pali chinanso chimene sichilembedwa, ndipo chifukwa cha kusalembedwako sichiphunzitsidwa kwenikweni, ndicho kukweza ndi kutsitsa kwa mau. Mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, koma pa woyamba mau amakwera pa -te-, pa wachiwiri sakwera. "Ndimalima" atanthauza chizolowezi cha masiku onse ngati mau akwera pa ndi-, koma ndi- akatsika, atanthauza nchito imene inali kuchitika kale. Ngakhale kamau kakuti ndi kali pawiri: m'chiganizo chakuti "uyu ndi mlongo wanga" n'kotsika, koma mu "ndapita ndi mlongo wanga" n'kokwera. Mwana wosachenjezedwa za izi amawerenga mokweza monga mlendo, ndipo polemba chimangirizo sazindikira pamene wowerenga angasokere. Mvekero nayenso, monga mbee, psuu, bii ndi phee, amangopatsidwa tsiku limodzi la kudzaza mipata, chonsecho ndiye mchere wa nthano zonse za agogo athu.

Ndisaweruze mbali imodzi. Maina a mitundu ya mau ali ndi phindu lake, pakuti mmisiri wosadziwa maina a zida zake sangaphunzitse mnzake. Ndiponso mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza chipinda, mabuku ochepa, ndi mayeso a JCE akudikira kumapeto kwa Fomu 2, amathawira ku kuloweza chifukwa ndiyo njira yachidule. Mayeso amenewa analekeka pambuyo pa 2016, nabwereranso mu 2021, ndipo pamene alipo, chimene afunsa ndicho chimene chimaphunzitsidwa. Tsono okonza mayeso ndi okonza maphunziro ali nao mbali yao ya mlandu. Funso lakuti "Tchulani mtundu wa mau otsekedwa mzere kunsi kwao" n'losavuta kuchonga, koma siliyesa ngati mwana angathe kulemba kalata yomveka kwa amalume ake.

Nanga tichite chiani pamene tiri kudikira kuti akuluakulu akonze zao? Njira imene ndiikhulupirira sifuna ndalama. Yambani ndi ziganizo zochokera pakamwa pa ana. Lembani pabolodi maina khumi osakanizika, monga chule, chala, buku, foni, kalulu, uta ndi mudzi, ndipo ana aikepo "wanga," "changa," "langa" kapena "yanga" monga khutu lao liwauzira. Kenaka asankhe amene ayenda pamodzi. Akatero afunseni chimene aona, alinene lamulo m'mau ao, ndipo potsiriza penipeni muwapatse dzina la m'buku. Dzinalo lidzakhazikika, chifukwa lapeza pokhala. Ngati m'kalasi muli ana olankhula Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe kapena Chisena kwao, musawaone ngati otsalira. Afunseni momwe amanenera. Mtumbuka akati munthu, wanthu, ndipo Myao akati mundu, wandu, ana onse adzaona ndi maso ao kuti zinenero zathu ndi za mimba imodzi, ndipo mwana amene anali wamanyazi adzakhala mphunzitsi wa anzake.

Zitsanzo zina zitengeni m'mabuku a alembi athu, osati m'ziganizo zouma zopekedwa pofuna kukwanitsa lamulo. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara limene linapata mphotho mu 1933, ndi Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, ali ndi ndime zambiri zimene kalasi ingawerenge mokweza, nifunafunamo misintho ya aneni ndi mivekero, nifunsa chifukwa chimene mlembi anasankhira liu ili kusiya linzake. Potero phunziro la malamulo ndi phunziro la mabuku zidzaleka kukhala ngati anthu awiri osalonjerana.

Chimene ndiopa n'chakuti mwana akalephera mobwereza m'chinenero chimene anayamwira, amafika poganiza kuti Chichewa cha m'sukulu ndi china, cha kwao ndi china, nayamba kupeputsa zonse ziwiri. Fuko lotere silibala alembi. Chifukwa chake, inu amene posachedwa mudzaimirira pamaso pa ana, mwana akadzakufunsani funso limene mulibe yankho lake, musadzaliphe ndi kuseka. Mudzalilembe pakona pa bolodi, mudzati, "Tiyeni tinene ziganizo, timve." Kawirikawiri yankho lidzatuluka pakamwa pa ana omwewo belu lisanalire.